Malata Oluma a kwa aNankhoma

Ana inu mumakonda kufunsa kumene miyambi inachokera, ngati kuti pali munthu anaiumba yonse tsiku limodzi n'kuiyanika padzuwa. Mwambi uliwonse uli ndi mwini wake, munthu amene zinamuonekera, ndipo kawirikawiri mwiniwakeyo sanaseke nawo. Umene ndikufuna kukufotokozerani lero ena amati ndi wakale kuposa mapolo a magetsi. Sinditsutsana nawo. Koma kwathu kuno munthu akafunsa kumene unayambira, timamulozera nyumba ina ya malata m'mudzi wa Mtsekwe, kenako timamukhazika pansi.

M'mudzi umenewo munali mkamwini wina dzina lake Yotamu. Kwawo kunali kutali, kuseri kwa mapiri, koma atakwatira anakhala kwa mkazi wake monga mwambo unenera. Mkaziyo anali Edesi, ndipo anali ndi mwana mmodzi wa zaka zinayi, Sungeni, kamtsikana kosadziwa kukhala pansi. Yotamu ankakonza njinga m'mbali mwa msewu. Manja ake anali aluso, pamenepo tisamunamizire. Njinga yobwera itasenzedwa paphewa inkabwerera itakweredwa. Wailesi yosalankhula iye akaigwira inkayamba kuimba. Ndipo chilichonse chothyoka, kaya ndi mpini, kaya ndi chogwirira cha ndowa, ankachimanga ndi mphira zong'amba ku machubu akale, moti anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzamanga nazo ndi ukwati womwe.

Koma ukamwini ndi ukamwini. Zaka zisanu anakhala pamudzipo, kulima, kufolera, kukumba nawo manda pakagwa zovuta, komabe akadutsa pamjigo ankamva amayi akunong'onezana kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mawu amenewa ankamudya mumtima. Ankalakalaka tsiku limodzi lokha loti atchulidwe ngati munthu wapamudzi.

Apongozi ake anali aNankhoma, mayi wamasiye wogulitsa mbatata ya kachewere, munthu wosaseka zachabechabe. Tsono mudziwe kuti masiku amenewo manyazi a pakati pa mkamwini ndi apongozi sanali amasewera. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, ndipo m'nyumba ya apongozi mkamwini sankalowa wamba. Wina akafuna kunena kanthu, mawu ankadzera mwa Edesi ngakhale onse awiri ali pabwalo limodzi. Pa zaka zisanu zonsezo, chimene Yotamu ankachidziwa bwino pa aNankhoma chinali msana ndi zidendene.

Magetsi atafika m'deralo, nyumba ya aNankhoma inalumikizidwa ndi a Mtambalika, mmisiri wa zamagetsi amene anaiphunzira ntchitoyo kusukulu ndipo anali ndi kashopu kake pamsika. Atamaliza anawaonetsa chiswichi chachikulu pakhoma, pafupi ndi khomo la chipinda chawo chogona.

"Mayi, zina zonse mukhoza kuiwala," anatero a Mtambalika. "Koma chikavuta chilichonse m'nyumba muno, tsitsani ichi."

Patapita zaka ziwiri aNankhoma anawonjezera nyumbayo. Anamanga zipinda ziwiri ndi khonde lalikulu la malata lokhala pa nsanamira zachitsulo, chifukwa chinkhoswe cha mwana wawo wotsiriza chinali kuyandikira ndipo ankafuna alendo adzaone pabwino. Tsiku lina Edesi akuika chakudya anangotchula nkhaniyo.

"Amayi akuti mawa ndikaitane a Mtambalika, adzakokere magetsi ku zipinda zatsopano zija."

Yotamu anasiya kusamba m'manja.

"Pamudzi pali mwamuna, ndiye mukaitane wapadera? Anthu adzati chiyani? Kawauzeni amayi kuti ntchito imeneyo ndi yanga."

"Atate ake a Sungeni, magetsi si njinga."

"Waya ndi waya, amake mwana. Wa m'wailesi ndi wa m'nyumba amasiyana kunenepa kokha."

Edesi anakapereka mawuwo. ANankhoma anavomera, chifukwa kukana mkamwini amene wadzipereka yekha n'kumuvula pagulu. Anapita kukagona masiku awiri kwa mng'ono wawo kuti Yotamu alowe m'nyumbamo momasuka.

Iye anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anakwera m'siling'i podzera pa kabowo kamene kanali m'kachipinda kosungiramo katundu, n'kupeza mawaya a a Mtambalika ali ndondondo m'timapaipi. Anasendapo, n'kupoterapo ake. Polumikiza paliponse anakulungapo mphira zake za machubu, zolimba ndithu, monga ankamangira china chilichonse. Panali waya wachitatu, uja wopita m'nthaka, amene amisiri amati ndiye mlonda wa nyumba. Yotamu anauyang'ana, naona kuti suyatsa babu lililonse, ndiye anausiya ukulendewera.

Tsiku lachitatu mababu anayaka ngwee. ANankhoma atabwera anazungulira zipinda zonse, ndipo madzulo ake anatumiza tambala kunyumba kwa Yotamu. Pamjigo nkhani inasintha. "Mkamwini wa aNankhoma ndi injiniya," ankatero amayi aja. Yotamu ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano. Ndipo ine ndikuti, aliyense amene anakhalapo mlendo pamudzi wa eni asamuseke msanga.

Patapita milungu itatu fyuzi inapsa. Fyuzi ndi kawaya kakang'ono kamene kamapsa dala, kuti pakakhala vuto ipse iyo m'malo mwa nyumba. Poti Yotamu sakanalowa, Edesi ndiye anazula kachotengera kake n'kumubweretsera. Iye anaikamo kawaya kena. Kanapsanso. Kachitatu anakwiya, nadula chidutswa cha sipoko ya njinga n'kulowetsamo.

"Ipse tsopano tione," anatero.

Siinapsenso. Iye anaganiza kuti wagonjetsa vuto, osadziwa kuti wamutseka pakamwa yekhayo amene ankamuchenjeza.

Kenako kunabwera dzuwa la mu Okutobala, lija lotentha mpaka nkhuku kuyasamula. Pansi pa malata mphira zija zinauma, zinachita ming'alu, n'kuyamba kumasuka. Palibe anaona chifukwa palibe amakhala m'siling'i.

Tsiku lina m'mamawa, itagwa mvula ya chizimalupsa, aNankhoma anali atalawirira kumsika. Yotamu anadutsa pakhonde lawo opanda nsapato, akufuna khasu, ndipo anangotsamira dzanja pa nsanamira imodzi yachitsulo. Chinachake chinamuluma kuchokera m'zala mpaka m'phewa, mano n'kugundana. Analumphira kumbuyo. Anayang'ana nsanamira ija, panalibe nyerere, panalibe mavu. Anaikhudzanso ndi kunsonga kwa chala. Inalumanso.

Mantha anamugwira pamenepo. Sanafunikire womuuza. Magetsi anali atatuluka m'mawaya ake, alowa m'malata, atsikira m'nsanamira, ndipo anali kudikira munthu wonyowa mapazi. Anayang'ana pansi pa nsanamirapo n'kuona tizigoba ta machesi timene Sungeni ankaseweretsa dzulo lake.

Njira yake inali yapafupi. Akanauza Edesi, Edesi akanauza amayi ake, chiswichi chija chikanatsitsidwa, a Mtambalika akanaitanidwa. Zonsezo zikanatha dzuwa lisanafike pamutu. Koma Yotamu anaganiza za tambala uja, amene anali atadyedwa kale. Anaganiza za pamjigo. Anamva m'makutu mwake mmene mawu oti injiniya adzamvekere akamanenedwa moseka. Ndipo anati mumtima, ndikonza ndekha, palibe adziwe.

Koma akonza bwanji? Nyumbayo mwini wake akachoka ankaikhoma, akakhalapo mkamwini sakanalowa. Kupempha kuti alowe kunali kuulula. Ndiye anayamba kulondera khonde lija ngati munthu wolondera mapira. Sungeni akangoyandikirako ankamukalipira.

"Choka uko! Ndinaonako njoka."

"Ili kuti, ababa?"

"Ndati choka!"

Mwanayo anayamba kumuopa atate ake, ndipo zimenezo zinamupweteka Yotamu koposa. Kunjinga kuja ntchito sinkayendanso. Akamva mwana aliyense akulira kumudzi ankataya sipanala n'kuimirira. Kamtambo kakadutsa ankakayang'ana ngati mdani. Chakudya sichinkatsika.

Tsiku lina Edesi anabwera ndi nkhani ina.

"Amayi akudandaula mkono. Akuti akamatsegula zenera la chipinda chatsopano, dzanja limachita dzanzi mpaka m'chigongono. Akuti ndi nyamakazi, apita kuchipatala chinkhoswe chikatha."

Zenera limenelo linali la chitsulo. Yotamu anayang'ana pansi.

"Ndi ukalamba umenewo," anatero, ndipo mawu ake omwe anamunyansa.

M'mawa mwake anapita pamsika. Anadutsa shopu ya a Mtambalika kawiri asanalowe. Anawapeza akumasula mota ya chigayo, magalasi ali pamphuno.

"A Yotamu, mwatiyendera. Njinga zatha kodi?"

"Ayi, ndangodutsa. Kungoti pali mnzanga wina, wakwathu uko. Akuti nyumba yake malata amaluma kukagwa mvula. Ndiye amafunsa kuti kodi zimenezo zimatha zokha?"

A Mtambalika anavula magalasi aja n'kuwaika patebulo.

"Amaluma? Fyuzi sikupsa?"

"Akuti inasiya kupsa."

"Ndiye kuti wina anaikamo chimene sichiyenera. Tamverani, achimwene. Nyumba imeneyo ipha munthu. Sindikuti mwina, ndikuti ipha. Pano ikungoluma chifukwa pansi mpouma. Mvula yeniyeni ikabwera, munthu n'kugwira chitsulo ataponda m'madzi, sadzasiya. Dzanja limafumbata lokha. Akakhala mwana ndiye sipatenga nthawi. Mnzanuyo akazimitse magetsi lero lomwe, ndipo asakwere yekha m'mwambamo. Ali kuti? Tiyeni tipite pompano."

Ndipo anayambadi kutolera zida zawo. Yotamu anawaletsa msanga.

"Ndi kutali, kuseri kwa mapiri. Ndimutumizira uthenga."

A Mtambalika anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwezera zida zija pansi.

"Mumuuze kuti ine sindiseka munthu wondiitana," anatero.

Yotamu anatuluka thukuta lili kamukamu. Chinkhoswe chinali chitatsala masiku atatu, ndipo panjira pomwepo anapeza nzeru imene kwa iye inaoneka yabwino. Tsiku la chinkhoswe nyumba idzakhala yotsegula, anthu piringupiringu, ndipo mkamwini wonyamula mipando palibe adzamufunse kuti akulowa kuti. Adzakwera m'siling'i mwakachetechete, akonze, atsike. Masiku atatu amenewo anapemphera kuti kusagwe mvula, ndipo sikunagwe. Iye anaona ngati Mulungu wagwirizana naye.

Tsikulo linafika. Pabwalo panadzaza anthu, akuchimuna ndi akuchikazi. Achinyamata anabwera ndi masipika akuluakulu n'kuwalumikiza ku soketi ya m'nyumba, ndipo nyimbo zinamveka mpaka kumsika. Apa mpamene Yotamu anazindikira chimene sanachiganizire. Akatsitsa chiswichi chija kuti agwire ntchito bwinobwino, nyimbo zidzazima pakati pa gule, ndipo mudzi wonse udzatembenuka kufunsa kuti wazimitsa ndani, ndipo chifukwa chiyani.

Dzuwa litangopendeka, kum'mawa kunada. Mphepo inayamba kuulutsa mapepala, fungo la mvula lili guu. Amayi otsuka mbale anasamutsira mabeseni awo pakhonde, madzi akutayikira pasimenti, onse opanda nsapato. Ana anali kuthamangitsana mozungulira. Yotamu anaona Sungeni atavala diresi lake latsopano, akuzungulira pafupi ndi nsanamira ija, kadzanja kali m'mwamba.

A Mtambalika analipo pa chinkhoswecho, atakhala pampando pafupi ndi ankhoswe, botolo la thobwa lili m'manja. Kuchokera pamene Yotamu anaima mpaka pamene iwo anakhala panali mapazi khumi. Anayenda mapazi khumiwo. Ananjuta pambali pawo. Anatsegula pakamwa.

"Zikuyenda bwanji, a Yotamu? Mnzanu uja munamuuza?"

Ankhoswe awiri anatembenuka kumvetsera.

"Ndinamuuza," anatero Yotamu. "Thobwa lakwana kodi kuno?"

Anaimirira n'kuchoka. Ana inu, ndimati ndikafika pamenepa ndimakwiya, ngakhale nkhaniyi ndaifotokoza kambirimbiri. Munthu anali pakhomo pa chipulumutso, n'kufunsa za thobwa.

Anatenga pulayazi yake imene zogwirira zake anazikulunga ndi mphira, nanyamula mpando umodzi kuti aoneke wotumidwa, n'kulowa m'kachipinda kosungiramo katundu kaja. Anaika mpando pamwamba pa matumba a chimanga, nakankha kachitseko ka siling'i, n'kudzikokera m'mwamba.

M'menemo munali mdima ndi kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Pakati pa siling'i ndi malata panali pongokwana munthu wokwawa. Sanathe mphindi ziwiri malaya onse anali atanyowa ndi thukuta. Anakwawa pamitanda, akusamala kuti msana usakhudze malata. Kuwala kochepa kolowera m'mibowo ya misomali kunamuonetsa ntchito ya manja ake. Mphira zija zinali zitagwa ngati makungwa ouma. Waya wamkuwa unali mbee, utagona pa waya womangira denga, ndipo pokhudzanapo panali pakuda, pakununkha chopserera.

Pamenepo mvula inayamba. Inagwa yamphamvu, malata n'kuchita phokoso logonthetsa m'kutu. Kudzera m'phokosomo anamva anthu akuthamangira pakhonde, akuseka, akukankhana. Anamva kamawu ka Sungeni kakuitana amake. Madzi anayamba kudontha pa bowo la msomali, pafupi penipeni ndi waya uja. Yotamu anagwira pulayazi ija. Anaitambasula, naibweza. Anaitambasulanso.

Kenako pansi pake chitseko chinatseguka. Anali aNankhoma, abwera kudzatenga shuga. Anaona mpando uli pamwamba pa matumba, kachitseko ka siling'i kali pululu.

"Ndani ali m'mwambamo?"

Yotamu anauma. Mawu amodzi okha akanakwana. Akanati ndine, amayi, zimitsani magetsi. Chiswichi chinali kuseri kwa khoma lomwelo. Koma apongozi ake, amene sanalankhulanepo nawo maso ndi maso, amupeze atabisala m'denga lawo ngati wakuba, pa tsiku la alendo? Anatseka pakamwa ndi mano, nabanika mpweya.

"Ndati ndani? Ndiitana anthu!"

Anamva mpando ukulira, kusonyeza kuti mayiwo akukwera kuti asuzumire. Ndiye pofuna kubisala, Yotamu anadzikokera chammbuyo kumdima. Msana wake wonyowa unagunda malata. Dzanja lake lamanja, pofuna pogwira, linagwera pa waya uja.

Zimene a Mtambalika ananena zinali zoona. Dzanja linafumbata lokha. Thupi lonse linakungika, nsagwada zinalumana, ndipo tsopano pamene anafuna kukuwa ndi mtima wake wonse, mawu sanatuluke. Miyendo yake inkamenya yokha. Mwendo umodzi unaboola siling'i n'kutulukira m'kachipindamo, ukugwedezeka pamwamba pa mutu wa aNankhoma.

Mayiwo sanaphunzire za magetsi, koma chinthu chimodzi chimene anauzidwa sanachiiwale. Anatsika pampando paja ngati mtsikana, nathamangira pakhoma, n'kutsitsa chiswichi chija ndi manja awiri.

Nyimbo zinazima. Pabwalo ponse panangoti zii, kumangomveka mvula. Ndipo mudzi wonse unatembenuka kuyang'ana kunyumba, monga momwe Yotamu ankaopera.

"A Mtambalika!" anakuwa aNankhoma. "Thamangani! Mwana wanga akufa!"

Anamutsitsa anthu anayi, ali lobodo, maso atatembenuka. A Mtambalika anamugoneka pansi n'kuyamba kumupsinja pachifuwa, akuwerenga, osalola munthu kuyandikira. Edesi ankagubuduka m'matope. Patapita nthawi imene kwa onse inaoneka ngati chaka, Yotamu anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Galimoto imene inabweretsa akuchimuna ndiyo inamutengera kuchipatala.

Mvula itakata, a Mtambalika anakwera m'siling'imo ndi tochi. Anatsika ndi mphira zouma m'dzanja limodzi, chidutswa cha sipoko cha m'fyuzi chija m'dzanja lina, n'kuziika pansi anthu onse akuona. Sananene mawu onyoza. Anangoloza khonde, pamene madzi anali atafika mu akakolo, n'kunena kuti chiswichi chija chikanachedwa pang'ono, maliro sakanakhala amodzi. Amayi amene ankatsuka mbale aja anayamba kulira pamenepo, aliyense akufunafuna mwana wake.

Yotamu anakhala ndi moyo, koma dzanja lamanja linapsa mpaka mkati. Madokotala anadula zala zitatu, ndipo ziwiri zotsalazo sizinapindikenso. Dzanja lija lodzutsa njinga zakufa linathera pamenepo.

Tsiku lachisanu ali m'chipatala, anaona Edesi akulowa, kumbuyo kwake kukubwera aNankhoma. Mwamwambo Yotamu anatembenuzira nkhope kukhoma. Koma mayiwo anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, pamutu penipeni.

"Tembenukani, atate ake a Sungeni. Ndiyang'aneni."

Yotamu anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nkhope ya apongozi ake. Inali nkhope ya munthu amene sanagone masiku asanu.

"Tsiku lija ndinafunsa kuti ndani ali m'mwamba. Munandimva?"

"Ndinamva, amayi."

"Ndipo za malata munadziwa liti?"

"Panali patapita milungu iwiri."

Edesi anagwira pakamwa. ANankhoma anapuma mozama.

"Milungu iwiri mdzukulu wanga akusewera pamenepo. Milungu iwiri ine ndikudzola mankhwala a nyamakazi. Chinakutsekani pakamwa n'chiyani?"

"Manyazi, amayi," anatero Yotamu, misozi ikutsikira m'makutu. "Munanditumizira tambala. Ndinkaopa kuti mudzati mkamwini uja ndi wabodza."

"Ndikanatero kumene," anayankha aNankhoma. "Ndikanakutukwanani mpaka dzuwa kulowa, ndipo pamjigo akanakusekani mwezi wathunthu. Koma m'mawa mwake mukanadzuka ndi zala zanu."

Kenako anayang'ana dzanja lokulungidwa lija.

"Ndili mtsikana ndinkatsatira alongo anga kokumba mbewa. Akapeza una ankasonkha moto pakhomo pake n'kuuzira utsi mkati. Mbewa zina zinkatuluka, maso ali psuu, anthu akuzikuwiza. Zina zinkamenyedwa, koma zambiri zinkalowa m'tchire n'kupulumuka. Tikakumba mpaka kumapeto, nthawi zonse tinkapeza imodzi itadzipanikiza pakona, yosamenyedwa, yopanda bala, koma yakufa. Imeneyo ndi ija inkaopa kuonedwa. Alongo anga ankainyamula kumchira n'kumaiseka. Ine lero sindikuseka. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, mwana wanga, ndipo inu munatsala pang'ono kufera m'denga langa."

Mawuwo anawamva odwala onse a m'chipindamo pamodzi ndi owadikirira, ndipo potuluka aliyense anapita nawo kwawo. A Mtambalika anachotsa mawaya onse a Yotamu n'kuyala ena. Yotamu anabwerera ku Mtsekwe, ndipo anakhala komweko mpaka ukalamba, akugulitsa zida za njinga zimene sakanathanso kuzimanga yekha.

Choncho mukamva akulu akuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, musaganize kuti akunyoza ulemu. Manyazi olemekeza akulu ndi abwino, ndipo mudzi wopanda manyazi otero si mudzi. Amene akunenedwa pano ndi manyazi ena, aja okuletsa kunena kuti sindidziwa, ndalakwitsa, ndithandizeni. Yotamu analakwa pogwira ntchito imene sanaiphunzire, koma kulakwa kumeneko kukanakonzeka tsiku limodzi. Chimene chinamudya dzanja ndi kukhala chete. Vuto likakuzinga, kaya ndi matenda, kaya ndi phunziro lokukanika m'kalasi, kaya ndi chinthu chimene wachiwononga wekha, tuluka ukanene kwa amene akudziwa. Kunja kuli anthu oseka, zimenezo n'zoona, koma kuseka kumatha. Mkati mwa una muli utsi wokha, ndipo utsi sudikira kuti manyazi ako athe.